Ndinawaona Amayi Pagalasi

Tete, 9 Agosto 1972

Mlongo wanga Quitéria,

Landira moni wanga. Kaya muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo wa amayi unaphwa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhazikika. Kalatayi ndapatsira mnzanga Raul wa kwathuko pamanja, ukawerenga uiwotche.

Raul wandiuza kuti amayi akudandaula, ati chiyambire kuyendetsa kamyao, galimoto ya katundu ya mzungu, ndaiwala amene anandibala. Mawu amenewo andisowetsa mtendere.

Masiku ano sitiyenda tokha. Timayenda pa koluna, magalimoto khumi ndi awiri mondondozana, asilikali ali patsogolo kubaya msewu ndi ndodo zachitsulo kufufuza mabomba. Ulendo wa tsiku limodzi unatidyera masiku atatu, ine phazi likuyabwa kufuna kuthamanga. Ndinaona makantina opanda denga, mbuzi zitagona pakhonde pamene tinkagula mchere. Ku Fíngoè nyumba ya administradori ikadali yoyera mbee, maluwa akuthiriridwa ngati kulibe nkhondo. Mango aja anabzala atate pa chibalo akula, koma pamthunzi pake pakukhala asilikali.

Titayandikira Malowera, ndinawaona amayi pamphambano ya kwathu atafukata nkhuku yoyera. Anandiitana dzina langa laubwana kawiri. Pambali panga panali sarjento, mkulu wa asilikali, amene amagwira aliyense wodziwana ndi woyendetsa, ati ndi amenewo amauza anyamata akutchire tsiku lodutsa koluna. Anandifunsa ngati ndikuwadziwa mayi akuitanawo. Ndinati ayi, ndi ogulitsa nkhuku chabe. Ndi lilime langa lomweli, mlongo wanga! 

Pempho langa ndi limodzi. Tidutsanso Lachinayi lomaliza la mwezi uno. Taona, ndachita chomwe sarjento amaopa chija, n'chifukwa chake ndati uiwotche. Munthu uja saiwala nkhope. Uwaletse amayi kufika kumsewu, ngakhale akutukwane, paja ukuwadziwa liuma lawo. Akafuna kundiona, akaime pachulu cha m'munda mwa amalume. Ndidzaliza buzina ya galimoto kawiri ngati ndikuingitsa mbuzi.

Uwauzenso kuti sindinachite nawo manyazi. Ndinawayang'ana pagalasi ali chiimire ndi nkhuku yawo, mpaka fumbi linawaphimba.

Moni kwa amalume, alamu anga a Olímpio ndi ana onse. Koma amayi usawapatse moni wapakamwa chabe, uwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine mlongo wako,
Marcelino