Mawu amene Fedeliko anabwera nawo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Majaua tilipo. Nyumba tinamanganso pamalo akale aja, pafupi ndi mtengo wa mango umene nkhondo inausiya. Chimanga chachita bwino, koma nyemba zinapsa ndi dzuwa. Ine ndinachira mvula ikutha, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu.

Chandilembetsa kalatayi ndi mawu ena a Chingelezi. Mwana wanu Fedeliko, amene tinamusiya ku Malawi kuti amalize sukulu, anabwera sabata yatha. Atangotsika panjinga anati, "Achemwali, I made it." Ndinayang'ana m'manja mwake, poti pa Chingelezi chochepa chimene ndinatola kukampu ya othawa nkhondo ndimadziwa kuti meki ndi kupanga. Nditamufunsa chimene wapanga anaseka, nati wakhoza mayeso ndipo amutenga kukaphunzira uphunzitsi.

Paja munkati ine sindisiya chinthu ndisanachitembenuze. Ndinamufunsitsa tikutong'ola chimanga. Akuti chopangidwacho sachitchula. Amatero munthu akafika pomwe ankakayika kuti afika, kaya wakhoza mayeso, kaya wapeza basi isananyamuke, ngakhale wodwala akadzuka pamphasa. Ifenso obwerera kwathu, akuti tingathe kutero.

Atatchula za wodwala ndinasiya kutong'ola. Ndinakumbukira kuchipatala cha kukampu, ine nditaima pakhomo ndi phala lanu, namwino akuuza dokotala kuti, "She didn't make it." Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa kuti n'chiyani chimene anakuuzani kuti mupange inu osapanga, ndipo ngati chikanakupulumutsani. Nditamuuza, Fedeliko anati namwinoyo ankangonena kuti mwatisiya. Panalibe chimene munalephera.

Mtima wanga wapepuka, Amayi. Komabe mawuwa sindikuwakhulupirira kwenikweni. Ndinu munatiwolotsa mtsinje wa Ruo, mtolo uli pamutu, madzi akulekeza m'chifuwa, mutatigwira m'manja tonse awiri. Nanga bwanji mawu awowo amawerengera wofika yekha? Ndinamufunsa Fedeliko ngati Angelezi ali ndi mawu onena munthu amene wafikitsa anzake iye n'kutsala panjira. Anakanda mutu, nati akafunsa kusukulu kwawoko.

Mvula isanagwe tidzawoloka malire tonse awiri kudzalambula pamanda panu. Limenelo ndi lonjezo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Anjelina