Cholinga Chimodzi Patsiku, Nditatuluka M'ndende

Lolemba, 1 Ogasiti 1977

Kapondo, kwa mlongo wanga Anastazia. Tsiku lachisanu chitulukireni. Zaka zinayi ndi miyezi iwiri, mlandu wake sanandiuze mpaka lero. Kope ili ndi la masamu, la ana asukulu. Dzanja la mphunzitsi likulembanso.

M'mawa ndayala mphasa kuseri kwa nkhokwe. Kuima chilili, manja m'mwamba, kuwerama, kupuma kakhumi pang'onopang'ono. Yoga. Anandiphunzitsa a Saidu, mnzanga wa m'selo, amene anakaphunzira za mankhwala ku India. Ankati, "Aphunzitsi, mukatha kupuma, tchulani chinthu chimodzi choti muchite lero. Chimodzi basi." Iwo sanatuluke. Chifuwa chinawatenga mu Febuluwale.

Cholinga cha lero: kudya osabisa chakudya m'malaya.

Lachitatu, 3 Ogasiti

Msana ukuwawa. Mbatata ziwiri m'thumba la malaya, sindikudziwa kuti ndinaziika nthawi yanji.

Anastazia wandipeza nditaima ndi mwendo umodzi. Sanaseke. Ataona kope, nkhope yagwa. "Achimwene, zolembalembazi si zomwe zinakutengetsani?" Ndamuuza kuti mulibe dzina la munthu wamkulu aliyense. Akuti ndizilisomeka ku denga.

Za mkazi wanga Consolata palibe akunena. Ndikafunsa, aliyense amakumbukira mbuzi yoti akamange.

Cholinga: kufunsanso, osakweza mawu.

Loweruka, 6 Ogasiti

Anastazia wandiuza akusenda mtedza, maso ali m'lichero. Chaka chachiwiri ndili mkati, ku Dambe, kwawo kwa Consolata, kunafika uthenga woti ndamwalira. Analira maliro opanda mtembo. Anameta. Chaka chatha anakwatiwa ndi munthu wa ku Chipata, Aleck, woyendetsa lole. Mwana wathu Veronika anapita naye. Ndinamusiya ali ndi miyezi isanu ndi itatu, asanamere dzino lachitatu.

Ndinapita pamphasa dzuwa lili paliwombo. Ndinapuma kanayi. Kachisanu mpweya unakana kulowa.

Cholinga palibe.

Lachinayi, 11 Ogasiti

Masiku anayi chigonere. Lero ndadzuka. Mphepo, fumbi m'kamwa. Powerama ndagwira zala zakuphazi koyamba. Panalibe womuuza.

Cholinga: kupita ku Dambe wapansi, kukapereka moni, osapempha kanthu.

Ndabwerako. Apongozi atandiona anagwetsa ndowa, nkundiwaza dothi kuti aone ngati ndine munthu. Kenaka kulira. A Jonasi, amalume ake a Consolata, chipewa chinali m'manja nthawi yonse. "Bambo, tinakulirani ndi mtima wonse. Nanga tsopano titani?" Ndinati sindinabwere ndi mlandu. Akuti atumiza mawu kutsidya kwa malire.

Lachisanu, 19 Ogasiti

Cholinga: kusayang'ana kumsewu.

Ndayang'ana tsiku lonse.

Za uphunzitsi andiuza kuti ndiiwale. Mnzanga amene ndinkaphunzitsa naye sitandade 6 wandiona patali, wakhotera m'chinangwa.

Lamulungu, 28 Ogasiti

Cholinga ndinalemba mbandakucha, ndisananyamuke: kumva zonse ndisanayankhe.

Takumana kuboma, pakhonde la sitolo ya a Abbasi, anthu atatuluka m'tchalitchi. Consolata yemwe uja, wangonenepa pang'ono. Kumbuyo khanda la miyezi itatu. Anagwada pasimenti anthu akuona. "A Timoteyo, mukanena kuti ndibwerere, ndibwerera."

Ndinamukhazika pabenchi. Ndinamva zonse. Aleck samumenya. Veronika amamutenga ngati wake, chaka chamawa akamuyambitsa sukulu. Ine ndili ndi mphasa ya mlongo wanga, msana wopindika, ndi dzina loti anthu amalitchula monong'ona. Khanda lija linanditulutsira kadzanja m'chitenje. Ilo lalakwa chiyani?

Ndinapuma kakhumi. Iye anadikira, akuganiza kuti ndikupemphera.

Ndinati, "Pitani, mayi, mwanayo akulira." Sankalira.

Ndapempha chimodzi chokha: Veronika adzakhale nane sabata imodzi. Wavomera ndi mutu. Basi ya kumalire inafika msanga, tsiku lokhalo limene ndinkafuna kuti ichedwe.

Lachiwiri, 30 Ogasiti

Mphasa sindinayale. Ndathandiza Anastazia kusosa m'munda mpaka manja atatuluka matuza. Wandiphikira thelele, monga ankachitira amayi ndikadwala.

Lolemba, 5 Sepitembala

Veronika anafika dzulo panjinga ya a Jonasi. Diresi lachikasu, nsapato zatsopano. Mphumi ndi wa amayi anga. Amalankhula ngati a kutsidya. Anangomuuza kuti akukacheza kwa abale.

Cholinga cha lero ndinalemba ndi zilembo zazikulu: kumuuza kuti ndine ndani.

Ndili pamphasa, manja m'mwamba, ndamva kuseka. Waima pafupi ndi nkhokwe, chala chili m'kamwa. Kenaka wakweza manja nayenso, wayesa mwendo umodzi, wagwa, wasekanso. Ndamuonetsa kupuma. Amatupitsa masaya ngati chule. Tawerengera limodzi mpaka khumi, sanalakwitse.

"Amalume, mawa mundiphunzitsenso. Ndikufuna ndikawaonetse atate ku Chipata."

Ndinati inde, mama. Pa dzina limenelo ndinayankha.

Sindinamuuze. Kwatsala masiku asanu. Mawa mwina, akatha kudya, kapena ndikamamuphunzitsa pamphasa.