Thonje la M'makutu Mwanu

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ndine Asiyatu, wachisamba wanu. Olembera mavoti anandiyang'ana imvi n'kundipatsa zaka 67, ine ndinangozilandira. Ndikulemba pang'onopang'ono ndi zilembo za kusukulu ya kwacha, musandiseke.

Kuno ku Nkhunga tilipo. Mkazi wa mwana wanga Saidi wachira, ndi mwana wamkazi. Mpunga wacha bwino, koma chinangwa chaola cha kudambo. Thonje ndiye latha. Ogula sakubweranso ndi sikelo, ndipo zitsa palibe akuzula n'kutentha. Akuti ndi matipate, aliyense ndi ufulu wake. Ndimakumbukira mmene munkasimbira kuti agogo ankapota okha ulusi, kenako atsamunda anadza ndi mbewu yawo ndi chikoti, inu n'kumasenza mitolo mpaka kudoko. Paja munkati thonje silibisa dzanja lauve.

Tsono nkhani ndi iyi. Saidi anagula wailesi ya kaseti. Ku Boma, kuseri kwa ogulitsa usipa, kuli bambo wina amajambulira anthu nyimbo zilizonse, ngakhale zija zinali zoletsedwa. Kumeneko anandigulira tepi ya nyimbo za pamtondo. Lachiwiri masana ndinkaimvera ndekha pakhonde. Nyimbo yachitatu itatha, kunangoti zii, kenako munatsokomola. Chifuwa chanu chija, kawiri. Ndiye mawu apansipansi: loyera padera, lothimbirira padera. Ndinabweza tepi, munanenanso. Saidi akuti iye akungomva mphepo. Wogulitsayo akuti anangojambula kuchokera pa tepi ina, sadziwa kanthu.

Koma ine ndikudziwa, Amayi. Tsiku limene tinkakusambitsani, loyera lonse linali litapita kusikelo dzulo lake. Osambitsa maliro ataitanitsa thonje, ndinatapa m'dengu la giredi yachiwiri, lija lodetsedwa ndi tizilombo. Ndilo tinakuikani m'makutu ndi m'mphuno. Inu amene munkandibweza ndi dengu lonse chifukwa cha kachitsotso kamodzi. Zaka zonsezi sindinauzepo munthu. N'chifukwa chake ndalemba m'malo moyankhula, mwina makutuwo simumva nawo bwino.

Saidi akufuna kupereka munda wanu kwa olima mzimbe mvula isanagwe, ndipo ndinali nditavomera. Dzulo ndamuuza kuti mizere isanu ya pafupi ndi chulu asaikhudze. Mbewu ndili nayo m'chitini. Wakwiya, akuti kulima thonje lopanda wogula ndi misala ya ukalamba. Sindinamuuze kuti si logulitsa. Ndidzalitola ndekha mame atauma, n'kusankha limodzilimodzi monga munandiphunzitsira. Lina ndidzapatsa mlongo wanga Yusufu akakuikireni pamanda. Lina ndidzamanga pansalu, la ine ndemwe, kuti podzafika kumeneko musadzandibweze pakhomo.

Ngati zimenezi zikukwanirani, mundiyankhe, ngakhale pa tepi pomwepo. Mabatire ndagula atsopano. Koma ngati kutsokomola kuja kunali kondiitana, chonde dikirani kaye thonje liyere.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu