Kukama M'chipinda cha Mipira

Lolemba, 5 Meyi

Tsiku loyamba kubwerera kusukulu. Tchuthi cha uchembere chasungunuka ngati shuga mu tiyi. Tsabola ndamusiya m'manja mwa apongozi, akukuwa mpaka nkhope psuu. Dzinali sitinamunamizire.

M'chikwama: mabuku, choko, pampu, mabotolo, nsalu yofunda. Nditafunsa malo okamira mkaka, ahedi anayang'ana kudenga ngati ndawatukwana. Andipatsa chipinda chosungira mipira. Fungo la nsapato za anyamata, maukonde a fumbi, chitseko chopanda loko. Ndatsamiritsa benchi. Belu linalira botolo lisanafike ndi theka lomwe. Ine, mphunzitsi wa sayansi, kukhala pa mpira wophwa n'kumadzikama ngati ng'ombe.

Lachitatu, 7 Meyi

Mkaka sumvera belu. Ndikakhala m'kalasi umabwera wosaitanidwa, ndikagwira pampu umazemba. Anamwino anati ndiziyang'ana chithunzi cha mwana pafoni kuti utsike. Ndayesa. Yatsika ndi misozi.

Aphunzitsi a zamasewera anagogoda, akufuna wezulo. "Madamu, kodi mukupopa njinga m'menemo?" Ndawapatsira pansi pa chitseko.

Kunyumba apongozi anakweza botolo, kuliyang'ana powala. "Ndi womwewu? Apongozi, mwanayu si mwana wa mphaka." Akutithandiza, ndikudziwa. Koma pakamwa!

Lachisanu, 9 Meyi

Botolo langa ndinalisiya mufiriji ya m'chipinda cha aphunzitsi. Ndalipeza pawindo, padzuwa. Wina analichotsa, ati chakudya chake chisayandikane ndi "za m'thupi mwa munthu." Thukuta la m'mawa wonse, lofunda, loyamba kusasa. Mkakawo ndautaya m'sinki ndi manja angawa. Wovomera palibe, onse maso pa makope. Mu tiyi amathira mkaka wa ng'ombe imene sanaionepo, wanga ndiye wonyansa.

Bambo a Tsabola akuti tingogula wa m'chitini, ndipume. Mwina akunena zoona. N'chifukwa chake sindikuwalankhula.

Lachiwiri, 13 Meyi

Kuyang'anira mayeso m'mawa wonse, wondilandira palibe. Mabere ngati miyala. Chapakati bulauzi yanyowa, mawanga awiri, holo yonse ikuona. Anyamata a kumbuyo kukodolana. Ndinakumbatira envelopu ya mayeso pachifuwa n'kumazungulira ngati ndikuikonda. Nayonso inanyowa.

Madzulo bere lakumanzere lofiira, lotentha. Thupi kunjenjemera, mano kugundana.

Lachinayi, 15 Meyi

Dzulo ndi lero pabedi. Kuchipatala akuti njira ya mkaka inatsekeka chifukwa chochedwa kukama. Mankhwala, kuthowa, ndi kuyamwitsabe ngakhale zikuwawa ngati akukucheka ndi lumo. Tsabola alibe nazo ntchito, akukoka ngati wamva kuti mawa kulibe.

Apongozi akundithowa ndi thaulo lotentha, dzanja ngati la womanga nyumba, pakamwa osapuma. "Uku ntchito, uku mwana. Mapanga awiri avumbwitsa." Ndinafuna kuwafunsa phanga limene ndilisiye. Koma madzi akazizira amadzuka okha kukatenthetsa ena, ndi mawondo awo ovuta aja. Munthu ukwiye nawo bwanji? Ndakwiyabe.

Lolemba, 19 Meyi

Ahedi anandiitana. Mawu ofewa ngati thonje. Akuti pondiganizira, kalasi yanga yolemba mayeso omaliza aipereke kwa wina, ine nditenge ana a chaka choyamba "mpaka mwana atakulako." Ana amene ndawalera kuyambira asakudziwa ndi kuyatsa komwe moto wa mu labu! Ine ndinapempha loko ndi kanthawi, iwo akundilanda kalasi. Ndinati ndikaganiza kaye. Palibe chimene ndikuganiza. Ndikungowira.

Benchi ija lero inagwa ndili pakati. Mwayi panalibe munthu pakhomo.

Lachitatu, 21 Meyi

Msonkhano wa aphunzitsi. Unayenera kutha nthawi ya nkhomaliro, koma ahedi anali adakali pa nkhani ya masokosi a ana. Bere lija n'kuyambanso kubaya. Ndinakweza dzanja, anati ndidikire. Ndinakwezanso, anayang'ana kumbali. Ndinaona bedi lija, thaulo lija, lumo lija. Ayi.

Ndinatulutsa pampu, kudzifunda nsalu, kuyatsa. Fuu-tsa, fuu-tsa, fuu-tsa. Ahedi anayesa kupitiriza, koma mawu awo anayamba kutsata kulira kwa pampu, mpaka masokosi anawasokonekera. Aphunzitsi a masamu, bambo a imvi aja amene salankhula pa msonkhano, anaphulika kuseka mpaka kupukuta magalasi. "Bwana, m'patseni kiyi mwanayu. Tonse tili muno tinayamwa."

Ndinati kalasi yanga sindiisiya, ndipo kuchipatala sindibwererako chifukwa cha masokosi. Botolo linadzaza. Koyamba chibwerereni.

Lachisanu, 23 Meyi

Kiyi wa kachipinda ka kuseri kwa labu. Mpando weniweni, soketi, loko. Phunziro la pambuyo pa buleki alisuntha. Kalasi idakali yanga. Ahedi sakundipatsa moni. Palibe kanthu, moni samwetsa mwana. Mufiriji wina wandisiyira shelefu yonse, kaya ndi ulemu kaya ndi mantha.

Mabotolo onse odzaza. Kuchokera pa basi ndinayenda ngati ndanyamula chikho cha mpikisano. Apongozi anakweza, anayang'ana powala, anangoti "Hmm." Kwa iwo kumeneko ndi kululutira.

Loweruka, 24 Meyi

Lero sindikupita kulikonse. Ndinati tsiku lonse ndi la ine ndi Tsabola, pampu ipume. Ndinamuika kubere. Anakoka pang'ono, kulavula, kutembenuza mutu. Ndinayesa linalo. Anandikankha ndi tizibakera take, kupinda msana, kukuwa. Maso ali pashelefu pamene timayanika mabotolo.

Apongozi anabweretsa botolo mwakachetechete. Pomwepo mwana phee, kumangomeza, kadzanja katagwira chala cha agogo ake. Mkaka wanga womwewo. Ine pambali, bulauzi yotsegula, ngati mlendo wodikira basi. Apongozi maso ali pa mwana basi. Bola akananyoza.

Ndaimbira anamwino. Akuti botolo silivuta kukoka, ana ena amatero, nthawi zambiri zimatha. Nthawi zambiri. Akuti ndimuyese akungodzuka kumene, asanazindikire bwino. Bambo ake andibweretsera tiyi, waziziranso patebulo. Pampu ili apo, yotsukidwa bwino. Sindikufuna n'kuiona komwe, koma chifuwa chikudzaza, sichidziwa kuti takanidwa.

Tsabola akudzuka, akuphethira. Kakamwa kakufunafuna. Botolo ndalibisa kuseri kwa pilo. Tiye mwanawe, usandichititse manyazi, ndine amako, ndine amene... Cholembera pansi, bere ndi ili.