Zimene Emrys Anauza Wapolisi

6 Januwale
Chisanu choopsa, madzi aundana m'mipope. Samani ya kukhoti yafika. Akuti ndinaba nkhosa za mnzanga Emrys. Ine Idwal, imvi mutu wonse! Kuno nkhosa za mnzako zikasochera kuphiri umatsika nazo n'kuzisunga mpaka mwini abwere. Emrys akanabwera bwanji ali gone m'chipatala? Ndipo anandiuza yekha kuti ndizisunge. Koma mphwake Tristan, wa kumzinda wa Cardiff, atangoona utoto wofiira, chizindikiro cha amalume ake, pankhosa za m'khola mwanga, ulendo kupolisi. Munali mu Novembala. Emrys anatisiya Khirisimasi isanakwane, mboni yanga ili m'manda. Akandipeza wolakwa, ndende. Ndili ndi mantha.

19 Januwale
Kumsika moni wa pamphuno. Mkazi wanga Menna wasiya kupita kukwaya, koma pakamwa sanasinthe: "Idyani inu, kundende kulibe msuzi wanga."

Ndakumana ndi loya, Mayi Bevan. Ati, "Bambo Idwal, zonse zimene apolisi anatola, ngakhale zimene sakufuna kugwiritsa ntchito, lamulo likuti tizione mlandu usanayambe." Ndati wokuzenga mlandu akuonetse yekha zimene wakubisira? Aseka.

2 Febuluwale
Aboma atumizadi. Zithunzi za khola langa, ine nditaima pambali ngati wakuba weniweni. Mayi Bevan sanakhutire. Akuti wapolisi wina anapita kuchipatala Emrys ali moyo, nanga zimene anamva kumeneko zili kuti? Mayi wamakani, Mulungu amudalitse.

Udzu wa nkhosa wakweranso mtengo. Za Emrys zikudya kuposa zanga.

17 Febuluwale
Zapezeka. Wapolisi anajambula mawu a Emrys, koma anawaika pambali poti ndi zobwebweta za nkhalamba yodwala. Woimira boma atawamva wawatumiza osachotsapo kanthu.

Mu ofesi, ine ndi Mayi Bevan. Ayatsa mawuwo. Poyamba chifuwa, kenako Emrys: "Idwal abe nkhosa? Ameneyo ngakhale zake zomwe zimamuthawa! Ndinamuuza ndine kuti azisunge mpaka chisanu chithe. Ndipo ukamuuze asazikhutitse, ndimamudziwa. Pita mwana iwe, ndigone."

Ndalira pamaso pa munthu wachilendo, manyazi onse kuiwala.

3 Malichi
Mlandu authetsa, khoti sindinalipondemo. Woimira boma uja sindimudziwa ndi nkhope yomwe, koma ndamuthokoza mokweza ndili ndekha m'khola. Mtima wanga wadzaza. Tristan watumiza lole, iye osabwera n'komwe. Nkhosa zakwera zili zonenepa.

5 Malichi
Ndapita kwa Mayi Bevan ndi keke ya Menna. Ndapempha andiyatsirenso mawu aja. Ati, "Bambo Idwal, mlandu unatha, simukuwafunanso amenewa."

Ndati ndikudziwa.

Andiyang'ana, atseka chitseko, ayatsa.