Chimbale chija sichikakamiranso

Lachitatu. Tsiku lafumbi, ndipo mtima sunakhale m'malo.

Masana pa fronteira, pamalire paja pa Zobue, ndamva magitala okalipa aja amati metali, akuchokera m'kamiyau ina, lole yonyamula katundu. Ndaizindikira nyimboyo nthawi yomweyo. Ndi ya m'chimbale chomwe malemu achimwene Zakariya anapatsidwa ndi mzungu wa kumgodi, masiku tinkanyamula malasha ku Moatize.

Nditamufunsa, woyendetsa kamiyauyo, ponditchula titiyo ngati malume ake, wandiuza kuti, "Ndi chimbale choyamba cha gulu limeneli, titiyo. Achitulutsanso pokumbukira zaka zake, mawu achita kuwatsuka."

Chathu chinali chokalikakalika ndi fumbi la malasha. Nyimbo imeneyi ikafika pakati chinkakakamira, achimwene n'kumenya wailesi ndi chikhato, amvekere, "Tiye, waulesi iwe." Lero itafika pomwepo, ndangoona dzanja langa lili m'mwamba. Nyimbo yadutsa bwinobwino, popanda woimenya.

Ine ndimatsogolera kwaya, ndipo akatekisita amati nyimbo zotere n'zamdima. Komabe ndamupempha woyendetsayo kuti andiikire m'foni. Ambuye mundikhululukire, Loweruka ndikalapa. Koma a padiri ndikawauza bwanji, poti chandipweteka ine si tchimolo ayi, koma kuti pamalo paja sipakakamiranso...