Koluna Yakumanzere

Fonte Boa, Angónia
16 Okutobala 2025

Okondedwa Mana Teodora,

Dzulo adokotala a ku Ulongwe andilembera giya, kalata yopitira ku chipatala chachikulu ku Tete. Khutu langa lakumanzere silikumva. Ayang'anamo ndi kanyali, ndipo akuti phula mulibe, mafinya mulibe, nembanemba yake ndi yabwinobwino. Ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatseni moni chifukwa ndikudzidziwa: ndikadayamba ndi moni, ndikadadzaza tsamba lonse ndi nkhani za mvula.

Muli bwanji kumeneko ku Beira, inu ndi alamu ndi ana? Kuno kwatentha, anthu ali kalikiliki kugalauza minda. Kalatayi ndipatsira a Júlio, amene anyamuka mawa ndi lole ya kachewere. Sindinafune kuimba foni. Nyumba yathu mukuidziwa, zipupa zake sizisunga mawu, ndipo amayi ndi mkazi wanga Zeferina sindinawauze kanthu.

Zonsezi zaululika chifukwa cha nyimbo ija munanditumizira mu Ogasiti, yochokera pa kaseti imene Padiri anajambula mu 1990 m'tchalitchi chaudzu ku Dedza, tili othawa nkhondo. Tinagwirizana kuti pa 2 Novembala, tikabwerako kumanda kokayatsa makandulo, amayi adzamve mawu a abambo. Mukukumbukira mmene tinkakhalira m'tchalitchi, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo. Makina a Padiri anali ndi timaikolofoni tiwiri, choncho amuna anagwidwa kumanzere, akazi kumanja. Abambo, amene ankatsogolera amuna, ali kumanzere.

Nditaika nyimboyo pa kompyuta yanga, akazi ankamveka bwino, koma amuna ankakhala ngati akuimbira m'bulangete. Ndinati vuto ndi timakoluna tanga tapulasitiki, timasipika totulutsa mawu, poti kanthu kakang'ono sikangatulutse mawu okhuthala a munthu wamwamuna. Zimenezi n'zoona, zili m'mabuku amene ndimaphunzitsa, n'chifukwa chake sindinafunenso chifukwa china.

Ndinakhala masabata awiri ndikuwerenga za kasankhidwe ka makoluna abwino. Ndinaphunzira kuti nambala yaikulu imene amalemba pakatoni, mawati chikwi, ndi nyambo chabe. Mphamvu yeniyeni imalembedwa kuseri ndi tizilembo ting'onoting'ono, ndipo m'chipinda ngati changa mawati makumi awiri enieni ndi okwanira. Bokosi lake likhale lathabwa, lolemera ukalinyamula, chifukwa lapulasitiki limanjenjemera n'kuwonjezera phokoso lakelake. Akhale otenga okha magetsi pakhoma, osati oyamwa ku kompyuta. Aja okhala ndi chibokosi chogunda pansi, amene amakondedwa m'malo omwera mowa, ndinawakana. Ine ndimafuna mawu a munthu, osati chivomezi. Zonsezi ndinazilemba papepala, ndipo mukadandiona mukadati ndikukonzekera mayeso.

Ndinapita ku Kalomwe kwa Silvano, amene ali ndi kasitolo ka zamagetsi pafupi ndi malire. Anandipatsa makoluna awiri athabwa ogwirizana ndi pepala langa. Kufika nawo kunyumba, yakumanja inkaimba, yakumanzere inali zii. Ndinabweza, anandisinthira osadandaula. Achiwiriwo chimodzimodzi. Ndinasintha nthambo, ndinasintha poboola pa kompyuta, ndinabwereka ngakhale kompyuta ya ku seketariya ya sukulu. Palibe chinasintha.

Loweruka lapitali ndinabwererako kachitatu, mtima uli m'mwamba. M'sitolomo munali modzaza osintha ndalama ndi akabaza othawa dzuwa, ndipo pamaso pa onsewo ndinamuuza Silvano kuti amatola zinthu zotayidwa n'kumagulitsa anthu ngati zatsopano. Anaika makolunawo pakauntala, analumikiza ku kompyuta yake, n'kuika nyimbo yathu ija. Atamvetsera pang'ono anati iye akumva amuna bwinobwino, ndipo pali mkulu wina wa mawu okhuthala amene akumalowa m'ndime anzake asanalowe. Mana, amenewo ndi abambo. Inu nomwe munkandiuza kuti Padiri anatopa n'kuwaletsa kuthamangira anzawo.

Ndinawerama kuti ndimusonyeze, monga ndinkachitira kunyumba: khutu ili pa koluna iyi, khutu ilo pa koluna iyo. Ndinamuuza kuti amve yekha, imodzi ndi yakufa. Silvano anandiyang'ana nthawi yaitali.

"AProfesolo, tabwerezani. Koma ulendo uno tembenukani, mundipatse nkhongo."

"Ndikupatse nkhongo ngati ndakukwiyira?"

"Mwandikwiyira kale. Tembenukani basi."

Ndinatembenuka, n'kuwerama chammbuyo pakati pa makoluna awiriwo. Yakufa ija inadzuka, yamoyo ija inafa. Khutu langa lakumanja linali tsopano pa koluna yakumanzere, ndipo ndinamva abambo akukoka mpweya asanayambe ndime. Patha zaka makumi atatu ndi chimodzi ndisanawamve, koma sindinganame kuti ndinasangalala. Ndinagwira kauntala.

Anthu anaseka. Wosintha ndalama wina anati aProfesolo abweze khutulo kumene analigula, mwina likadali pa garantiya. Silvano sanaseke. Anachepetsa mawu, anandikokera kampando, n'kunena kuti msuweni wake anali choncho ndipo kuchipatala anangomuchotsa phula. Nditayamba kupepesa anandidula, anati ndikapepese ndikachira. Anandimangira yekha katoniyo panjinga.

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuuza ana a kalasi ya khumi kuti pofufuza chinthu umasintha mbali iliyonse payokhapayokha, osasiyako ina. Ine ndinasintha makoluna, nthambo, kompyuta, koma khutu linali lomwelo pamalo omwewo. Ndadzifunsa ngati kunali kupusa. Ndikuganiza kuti sikunali kupusa kokha, chifukwa pali zina zimene ndakhala ndikuziika padera. Kuyambira pa Pasaka m'khutu limeneli mumalira ngati nyenje, ndipo ndinkati ndi chigayo cha pafupi ndi sukulu. Ana okhala chakuzenera, kumanzere kwanga, ndakhala ndikuwakalipira kuti amayankhira m'khosi, ndipo mtsikana wina ndinamutulutsa m'kalasi pa mlandu umenewu. Kawiri konse njinga yandikokera kumanzere mpaka m'ngalande pamsewu wa ku Ulongwe, ine n'kukawongoletsa chiwongolero chimene sichinapindike. Mwezi uno tsaya lakumanzere layamba kuchita dzanzi pafupi ndi mlomo.

Adokotala anatulutsa kachitsulo ka mphanda kolira, kofanana ndendende ndi kamene ndimaphunzitsira mafunde a mawu. Anakamenya n'kukaika pamphumi panga, ndipo kulira kwake kunathawira kumanja. Sindinafunikire kundimasulira. Njira ya khutu ikatsekeka, kulirako kumapita ku khutu lodwalalo. Kukathawira ku labwino, ndiye kuti vuto lili mkati, ku mtsempha. Kenako anandikhudza masaya onse awiri ndi thonje, n'kulemba nthawi yaitali. Anati ku Tete akayeza kamvedwe kanga, ndipo akaona kuti pakufunika makina oona mkati mwa mutu, akhoza kunditumiza kwanuko kapena ku Maputo.

Ndawerenga zimene ndikanatha kupeza. Zambiri zimene zimapha khutu limodzi sizipha munthu. Ngakhale chotupa cha pa mtsempha wa khutu, nthawi zambiri si khansa, chimakula pang'onopang'ono, ndipo mwa anthu ochuluka sichichokera kwa makolo. Manambala ali mbali yanga. Koma lero m'mawa choko chinandigwa kawiri ndikulemba pabolodi, ndipo si matenda anagwetsa. Pali mtundu umodzi wosowa wa chotupachi umene umayenda m'magazi, ndipo ndikayang'ana ana anga awiri akudya, mutu umabwerera komweko.

Lamulungu titachoka ku Misa, amayi ankandiuza za mbewu ya nyemba, atakhala kumanzere kwanga pakhonde. Mwadzidzidzi anasiya nkhaniyo.

"Tarsisio, wayamba liti kupendeketsa mutu chonchi munthu akamayankhula?"

Ndinati ndi dzuwa likundithobwa m'maso. Pakhondepo panali mthunzi. Anandiyang'ana, anati, "Bambo ako," n'kulekera pomwepo. Anadzuka kukaona nkhuku zimene zinali zitadya kale.

Apa ndiye pali pempho langa, Mana. Abambo akumwalira ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo miyezi yomaliza munanditumiza kwa azakhali ku Domwe. Chimene ndimakumbukira n'chakuti ankayenda atagwira khoma, ndiponso kuti tinkawafuulira. Inu munali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndinu munawadwazika. Linayamba khutu liti, kapena anali onse awiri? Kuchokera pamene anasiya kumva kufika pamene anayamba kugwa, panapita miyezi ingati? Nkhope inapindika liti? Nanga kuchipatala ananena kuti chiyani, kapena sanapiteko n'komwe? Kodi kwa abambo aliponso wina amene anagontha asanakalambe? Amayi sindingawafunse, mwaona mmene anathawira. Inu musandinyengerere, musandiuze kuti zonse zili m'manja mwa Mulungu, zimenezo ndikuzidziwa. Mundipatse miyezi ndi zaka monga mukuzikumbukirira, ngakhale zikhale zoipa, chifukwa adokotala a ku Tete akandifunsa, ndipo sindikufuna kukayankha zongopeka. Mundilembere uthenga pa foni, musaimbe.

Zeferina ndimuuza Lamulungu tikamabwerera ku Misa, panjira, ana atatsogola. Akudziwa kuti ndikupita ku Tete, koma akuyesa kuti ndi msonkhano wa aphunzitsi. Chiyambire banja lathu sindinamunamizepo, ndipo bodza ili likundilemera kuposa khutu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti thumba laling'ono la kachewere limene a Júlio atsitse ndi lawo. Ana muwauze kuti amalume awo akhoza kufika ku Beira Khirisimasi isanakwane, koma musawauze chifukwa chake. Inuyo, Mana, munandibereka kumbuyo powoloka malire, ndipo ndinkayesa kuti ndinatsika kalekale. Pepani kuti ndakusenzetsaninso.

Shapa, minibasi ya ku Tete, imanyamuka ku Ulongwe Lolemba 6 koloko m'mawa. Andiyeza Lachiwiri. Foni ndidzaigwira m'manja njira yonse.

Ndine mlongo wanu,
Tarsisio